Akuti fupa la m'chiuno lafa, andiike chitsulo. Ndivomere?

"A dokotala, ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndili ndi zaka 39. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikumva ululu m'mphechepeche mwa mwendo wakumanzere, nthawi zina umatsikira pabondo. Poyamba ndinkangoti ndi nyamakazi. Pano ndikutsimphina, kunjuta kukukanika, ndipo kuima pa bolodi piriyodi imodzi yokha ndi nkhondo. Atandijambula anandiuza kuti mutu wa fupa la ntchafu unafa ndipo wagumuka, kotero mpofunika kuuchotsa n'kuikapo chitsulo. Ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka 9. Abale anga akukana. Ena akuti ndi mankhwalawo andidya mafupa, ndiwasiye. Ena akuti munthu wa kachilombo akaikidwa chitsulo bala silipola. Enanso akuti chitsulo chimatha pa zaka 10, kenako ndidzakhala wa pa njinga ya olumala. Kodi palibe mankhwala oti fupali lidzuke? Ndivomere opaleshoniyi?" Mayi wa ku Ntcheu

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo pepani ndi ululuwo. Ndiyambire pa mawu akuti "fupa lafa", chifukwa pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya mafupa ndaona anthu ambiri akuzizira nkhongono akangowamva. Imeneyi si khansa. Si kuwola kwa mwendo, siyenda n'kugwira thupi lonse, ndipo palibe amene adzakuduleni mwendo chifukwa cha vutoli. Chafa ndi kachigawo ka fupa, mkati mwa mutu womwe wonsewo kukula kwake n'ngati ndimu. Kungoti kachigawoko kali pamalo pomwe thupi lonse limatsamira, n'chifukwa chake kakusowetsani mtendere chonchi. Madokotala timalitcha vutoli avascular necrosis, mwachidule AVN, ndipo mwina ndi zilembo zomwe zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala.

Pomwe ntchafu imalumikizana ndi chiuno, pamene akuluakulu amati pa nyung'unyu, pali ngati munsi ndi mtondo. Fupa la ntchafu limathera ndi mutu wobulungira, ndipo mutuwo umazungulira m'kachikho ka fupa la chiuno. Zonse ziwiri zakutidwa ndi chicherewecherewe choterera, chonga choyera chija mumachiona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Tsono fupa si mtengo wouma ayi. Ndi lamoyo, limadya, limang'aluka timing'alu tosaoneka tsiku ndi tsiku n'kumadzikonza lokha, ndipo chakudya chake chimabwera ndi magazi. Tsoka la mutu umenewu ndi lakuti magazi ake ambiri amadzera njira imodzi, timitsempha ting'onoting'ono tokwera m'khosi mwa fupalo. Mafupa ena ali ndi njira zambiri, ina ikatsekeka magazi amalambalala. Pano ayi. Timitsemphato tikatsekeka kapena kuduka, chigawo cha pamwamba pa mutu chimasowa chakudya n'kufa.

Fupa lakufa siligumuka tsiku lomwelo. Limakhala ngati mtengo wa nkhokwe womwe chiswe chalowa: kunja ukuoneka bwinobwino, nkhokwe ili chiimire, koma mkati mwatha. Ndipo katundu amene mutuwu umasenza si wamasewera. Ofufuza a ku Berlin, motsogozedwa ndi Georg Bergmann, anaika tizipangizo toyezera mkati mwa zitsulo za m'chiuno za odwala ena omwe anavomera, ndipo anapeza kuti pongoyenda chabe nyung'unyu imapanikizidwa ndi mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa munthuyo, ndipo akapunthwa imatha kufika ka 8. Ndiye fupa lomwe lasiya kudzikonza likamapondedwa choncho maulendo masauzande pa tsiku, limayamba kung'aluka pansi pa chicherewecherewe, kenako denga lake limagwera mkati. Mutu womwe unali wobulungira umaphwatalala n'kuyamba kukhula kachikho kaja. Apa ndi pomwe kunjuta kumakanika, mwendo umafupika pang'ono, munthu n'kumatsimphina. Za bondo zija musadabwe: mitsempha yomwe imamva ululu wa m'chiuno ndi yomweyo imafika pabondo. Ndalandirapo odwala omwe atha chaka chathunthu akupaka mankhwala ndi kutemera bondo, pamene bondolo lilibe mlandu.

Tsopano za ma ARV, ndipo apa ndilankhule mwamphamvu chifukwa malangizo a abalewo, ngakhale akuchokera m'chikondi, angakutayitseni moyo. Musasiye mankhwala, ngakhale tsiku limodzi. N'zoona kuti AVN imapezeka kawirikawiri mwa anthu omwe ali ndi HIV kusiyana ndi omwe alibe. Mu 2002 ofufuza a ku America anafalitsa zomwe anapeza atajambula ndi makina a MRI anthu 339 omwe anali ndi kachilomboka koma osamva ululu uliwonse m'chiuno: 15 anapezeka kuti vutoli linayamba kale, pamene mwa anthu 118 opanda kachilombo sanapeze ngakhale mmodzi. Koma madokotala anali atayamba kale kuliona vutoli mwa anthu omwe ali ndi HIV ma ARV amakonowa asanabwere. Kachilomboko pakokha kamatupitsa mitsempha ya magazi ndi kuchititsa magazi kuundana msanga, ndipo ena mwa odwalawo anali atamwaponso mankhwala ena omwe timawadziwa bwino kuti amapha mutu wa fupa. Kusiya ma ARV sikudzutsa fupa lomwe lafa. Kudzadzutsa kachilombo, kugwetsa chitetezo cha m'thupi, n'kutseka khomo la opaleshoni yomwe ingakuthandizeniyo. Alipo mankhwala a m'gulu la ma ARV, monga tenofovir, omwe amachepetsako kulimba kwa mafupa mwa anthu ena, koma limenelo ndi vuto lina, loti mukambirane ndi a kukiliniki yanu. Iwo ndi amene angaone ngati pali chosintha.

Mankhwala ena ndikunenawo ndi ma steroid: prednisolone, dexamethasone ndi anzawo. Ndi mankhwala abwino, amapulumutsa moyo pa mphumu yoopsa, TB ya ku ubongo ndi matenda ena a impso, koma akamwedwa ambiri kwa masabata kapena miyezi amatha kusiya vuto limeneli, lomwe limadzaonekera patapita miyezi kapena zaka. Taganizani mofatsa. Munagonekedwapo m'chipatala n'kupatsidwa timapiritsi tambirimbiri toti muzichepetsa sabata ndi sabata? Munagulapo mankhwala "a mafupa" kapena onenepetsa kumsika kapena kwa oyenda nawo m'basi? Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa ena mwa mankhwala oterewa amakhala ndi ma steroid osalembedwa. Ululu umazizira m'masiku awiri, munthu n'kumayamikira ndi kuuza anzake, pamene fupa likunka likutha. Zoyambitsa zina ndi mowa wambiri wa zaka zambiri, matenda a sickle cell, lupus (matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo), komanso kuthyoka kwa khosi la fupa kapena kuguluka kwa nyung'unyu pa ngozi. Mwa anthu ena timafufuza zonsezi osapeza kalikonse. Sindikufunsa izi pofuna kupeza wolakwa. Muli ndi chiuno china choti titeteze, ndipo ndifikako posachedwa.

Mwafunsa ngati pali mankhwala odzutsa fupa. Yankho lake lagona pa funso limodzi: kodi mutu wagumuka kale kapena ayi? Madokotala awiri a ku France, Ficat ndi Arlet, anagawa matendawa m'magawo 4, ndipo malire aakulu ali pakati pa gawo lachiwiri ndi lachitatu. Mutu ukadali wobulungira pali zoyesa. Yodziwika kwambiri ndi kuboola fupa kuchokera m'mbali mwa ntchafu mpaka kufika pamalo akufawo, kuti kufinyika kwa mkati kuchepe ndiponso timitsempha tatsopano tipeze polowera. Philippe Hernigou, wa ku France komweko, anawonjezera njira yotunga mongo wa wodwala yemweyo pa fupa la chiuno n'kuuthira m'bowolo. Njirazi zimathandiza malo akufawo akakhala aang'ono. Akakhala aakulu zimalephera kawirikawiri. Mapiritsi olimbitsa mafupa monga alendronate anayesedwanso, koma zotsatira zinasemphana, ofufuza ena anaona phindu, ena sanalione. Calcium, msuzi wa mafupa, zitsamba zopaka, kutemera, zonsezi sizibweza mutu womwe waphwatalala. Ngati chithunzi chanu chikuonetsadi kuti wagumuka, monga anakuuzirani, ndiye kuti kumanzereko nthawi yoboola inadutsa. Ndikanakonda kukuuzani zina, koma kukunamizani kungakudyereni ndalama ndi zaka.

Nanga chiuno chakumanja? M'kalata yanu simunachitchule, koma ine ndi chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri. AVN yosachokera ku ngozi imakonda kugwira mbali zonse ziwiri, mwa odwala oposa theka, kungoti mbali ina imatsalira m'mbuyo ndipo imatha kukhala duu osapweteka. X-ray siwaona matendawa akangoyamba kumene. Imatha kuonetsa kuti zonse zili bwino fupa litafa kale miyezi ingapo. MRI ndiyo imawaona msanga. Makinawa ndi ochepa kuno kwathu ndipo kujambulitsa kumafuna ndalama kapena kudikira, komabe funsani dokotala wanu ngati n'kotheka. Zikakanika, chakumanjacho chiziyezedwa ndi kujambulidwa X-ray nthawi ndi nthawi, ndipo tsiku lomwe mudzamve kaululu m'mphechepeche mwakumanja musadzadikire zaka ziwiri ngati poyamba paja. Kumeneko ndi komwe fupa lomwe munabadwa nalo lingapulumuke.

Opaleshoni yoika chitsulo si ya changu ngati ya munthu wothyoka pa ngozi. Chomwe chimatiuza kuti nthawi yakwana ndi momwe munthu akukhalira tsiku ndi tsiku. Ndimafunsa odwala anga: ululu ukukudzutsani usiku? Mumayenda mtunda wautali bwanji musanaime? Mukutha kuvala nsapato nokha, kukwera minibasi, kugwira ntchito yanu? Alipo ena mutu unagumuka koma akukhalabe bwino ndi ndodo ndi Panado, amenewo timawalola adikire. Ndodoyo, ndinene pompano, igwireni ndi dzanja lakumanja, mbali yomwe sikupweteka; ambiri amaigwirira mbali yodwala ndipo siwathandiza. Samalaninso ndi diclofenac, brufen ndi indocid. Kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba, ndipo impsozo zimakhala pa chiopsezo chachikulu kwa munthu yemwe akumwa kale tenofovir. Kudikirako nakonso kuli ndi malire. Zaka zikachuluka minofu ya m'thako imafota, mwendo umaumira chopindika, msana ndi bondo zimayamba kudandaula, ndipo kachikho kaja kamadyeka mpaka opaleshoni kudzakhala yovuta.

Pali maopaleshoni ena awiri akale omwe mwina mudzawamva akutchulidwa. Kuchotsa mutuwo osaikapo kanthu, njira yomwe imadziwika ndi dzina la dokotala Girdlestone wa ku Oxford, kumachepetsa ululu koma mwendo umafupika ndi masentimita angapo ndipo ambiri amayendera ndodo moyo wonse. Kumata mafupa awiriwo kuti asamasunthe kumapereka mwendo wolimba koma wosapinda m'chiuno, ndipo sikuyenera munthu yemwe mbali inayo ingadzadwalenso.

Tsono tibwere ku chitsulocho. Opaleshoniyi monga tikuidziwira lero anaikhazikitsa dokotala wa ku England, John Charnley, pa chipatala cha Wrightington, ndipo ndimakonda kufotokoza nkhani yake chifukwa inayamba ndi kulephera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankapanga kachikho ndi Teflon, pulasitiki yoterera ija ya m'mapoto osamatirira chakudya. Miyezi yoyamba odwala ankayenda mosangalala, koma pasanapite zaka zambiri pulasitikiyo inadyeka, fumbi lake n'kuyamba kuwononga fupa ndi mnofu, ndipo mwa odwala pafupifupi 300 omwe anawaika, ambiri anafunika kuchitidwanso opaleshoni. Sanabise, sanasiyenso. Mu November 1962 anaika chiuno choyamba cha mtundu watsopano: mutu waung'ono wachitsulo, kachikho ka pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene, ndi simenti yapadera yomatira ku fupa. Anafika mpaka podziika tizidutswa ta mapulasitiki onse awiri pansi pa khungu la ntchafu yake kuti aone momwe thupi limawalandirira. Odwala ake ankawatsatira chaka ndi chaka, ndipo ena anamulola kudzatenga chiunocho akadzamwalira kuti aone momwe chathera. Zambiri zomwe ndikukuuzani lero ndi zipatso za khalidwe limeneli lotsatira wodwala mpaka kumapeto.

Cha masiku ano sichinasiyane kwenikweni ndi chimenecho. Dokotala amadula mutu wakufawo, amalowetsa tsinde lachitsulo m'mphako ya fupa la ntchafu, pamwamba pake n'kuikapo mutu watsopano wachitsulo kapena wa ceramic (chinthu cholimba ndi choterera chonga cha mbale zadothi), ndipo m'chiuno amapalamo bwino n'kuikamo kachikho. Kuti zigwire pali njira ziwiri. Ina ndi simenti ija, yomwe si ya nyumba koma mtundu wa pulasitiki wouma m'mphindi pafupifupi 10. Ina ndi chitsulo cha titanium chokhakhala kunja, chomwe fupa limamera n'kuchigwira lokha. Zoti fupa limagwirana ndi titanium anazitulukira Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1950, atalephera kuchotsa kachipangizo komwe anaika m'fupa la kalulu pofufuza zina. Njira zonse ziwiri zili ndi mbiri yabwino, ndipo dokotala amasankha poona kulimba kwa fupa lanu ndi zomwe manja ake anazolowera. Zitsulozi sizichita dzimbiri ngati khasu, siziitana mphenzi, ndipo popeza zili mkati mwa mnofu zimakhala zofunda ngati thupi lonse ngakhale m'chisanu cha June cha ku Lizulu. Ena amanena kuti amamva kaululu pang'ono kukazizira, koma sikafika pa ululu womwe mukumva pano.

Za zaka 10 zija. Funso limeneli lili ndi yankho chifukwa mayiko ena anayamba kalekale kulemba m'kaundula chitsulo chilichonse choikidwa mwa munthu, mtundu wake, ndi tsiku lomwe chinadzachotsedwa ngati chinachotsedwa. Sweden inayamba kaundula wa ziuno mu 1979, England ndi Wales mu 2003. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Bristol anasonkhanitsa ziwerengero za akaundula oterewa n'kuzifalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Anapeza kuti mwa ziuno 100 zoikidwa, pafupifupi 89 zinali zikugwirabe ntchito patatha zaka 15, 70 patatha zaka 20, ndipo 58 patatha zaka 25. Kumbukiraninso kuti zomwe zafika zaka 25 zinaikidwa ndi pulasitiki yakale. Chakumapeto kwa m'ma 1990 kunabwera polyethylene yokonzedwa mwatsopano, yomwe imadyeka pang'ono kwambiri poyerekeza ndi yakaleyo.

Komabe ambiri mwa anthu a m'ziwerengerozi anali azaka za m'ma 60 ndi 70. Inu muli ndi 39, mumayenda kwambiri, ndipo Mulungu akalola muli ndi zaka 30 kapena 40 kutsogoloku. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2017 anaonetsa kuti mwa oikidwa chitsulo atapitirira zaka 70, pafupifupi 5 pa 100 okha ndi omwe amadzafuna opaleshoni yachiwiri, pamene mwa abambo omwe angolowa kumene zaka za m'ma 50 ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu. Mwa amayi a msinkhu womwewo chiwerengerocho n'chocheperapo. Choncho lowani mukudziwa kuti mwina tsiku lina mbali ina ya chitsulocho idzafunika kusinthidwa. Kusinthako kumatheka. Ndi opaleshoni yaikulu kuposa yoyamba, ndi yodula, ndipo kuno kwathu oichita ndi zipangizo zake ndi zochepa, koma chitsulo chikatha sindiye kuti basi munthu wapita pa njinga ya olumala.

Akaundula omwewo ndi amene anatipulumutsa ku zitsulo zina zomwe zinabwera ndi dzina lalikulu. M'zaka za m'ma 2000 kunatchuka ziuno zomwe mutu ndi kachikho zonse zinali zachitsulo, zikutamandidwa kuti ndi zoyenera achinyamata chifukwa sizitha msanga. Anthu ambirimbiri anaikidwa. Kenako akaundula a ku Australia ndi ku England anayamba kuonetsa kuti mitundu ina ikulephera msanga: zitsulo zikamakhulana zinkatulutsa fumbi la cobalt ndi chromium, lomwe linkawononga mnofu wozungulira n'kulowanso m'magazi. Mtundu wina wotchedwa ASR unachotsedwa pamsika mu August 2010 utaikidwa kale maulendo pafupifupi 93,000 padziko lonse. Ndiye mukakhala pansi ndi dokotala wanu mufunseni mosaopa: mundiika chitsulo chanji, chakhala chikugwiritsidwa ntchito zaka zingati, mutu ndi kachikho n'zopangidwa ndi chiyani? Kwa munthu wa msinkhu wanu ine ndimakonda mutu wa ceramic kapena wachitsulo wozungulira mu polyethylene yatsopano ija, pa tsinde lomwe lili ndi mbiri ya zaka zosachepera 10 m'kaundula. Ndipo kaya opaleshoni ichitikira kuno, ku India kapena ku South Africa, musatuluke m'chipatala opanda pepala lokhala ndi timasitika ta pa mabokosi a zitsulozo. Ndavutikapo ndi odwala obwera chitsulo chitayamba kugwedera, opanda pepala lililonse, ife n'kumangoyerekeza pa X-ray kuti n'cha kampani iti, pamene zida zochotsera ndi zosinthira zimasiyana kampani ndi kampani.

Funso la bala ndi kachilombo ndimaliyankha ndi mtima wokondwa, chifukwa mbali ina ya yankho lake inachokera kuno kwathu. Mu 2005 madokotala a mafupa ku Blantyre anayambitsa kaundula wa dziko lino wa anthu oikidwa ziuno ndi mabondo, chinthu chomwe mayiko ambiri a mu Africa analibe. Lipoti loyamba linaonetsa kuti, mosiyana ndi ku Ulaya komwe ambiri amaikidwa chifukwa cha nyamakazi ya ukalamba, kuno AVN inali patsogolo, odwala anali ocheperako zaka, ndipo ena anali ndi HIV. Mu 2014 anafalitsa zotsatira za odwala 29 omwe anali ndi HIV, omwe anaikidwa ziuno 43 n'kutsatiridwa pafupifupi zaka zitatu ndi theka: palibe chitsulo chomwe chinalowa tizilombo, ndipo ululu unachepa, kayendedwe n'kusintha kwambiri. Anthuwa ndi ochepa ndipo zaka zake n'zochepa, choncho si lonjezo loti vuto silingabwere. Koma zinagwedeza maganizo akale akuti munthu yemwe ali ndi kachilombo asayandikire chitsulo. Maganizowo anachokera ku malipoti a kunja okhudza odwala omwe analinso ndi matenda oti magazi saundana kapena omwe ankadzibaya mankhwala ozunguza bongo, ambiri m'masiku omwe ma ARV amphamvu kunalibe. Munthu yemwe akumwa mankhwala mokhulupirika, kachilombo kosaonekanso m'magazi, CD4 yabwino, timamuona pafupifupi ngati wina aliyense.

Choncho ntchito yanu lisanafike tsiku la opaleshoni ilipo. Yezetsani viral load, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndipo zotsatira zake mupite nazo. Dzino lobooka, chilonda cha pamwendo, chithupsa, matenda a m'chikhodzodzo, zonsezi zichiritsidwe kaye, chifukwa tizilombo timayenda ndi magazi n'kukamanga pa chitsulo, pomwe chitetezo cha m'thupi ndi mankhwala sizifika bwino. Magazi akhale okwanira, shuga ndi BP ziyezedwe, ndipo ngati simunayezedwepo sickle cell pemphani akuyezeni. Dokotala wosamala adzafunanso kutsimikiza kuti chomwe chadya chiunocho si TB ya mafupa, yomwe kuno kwathu siisowa ndipo nthawi zina imafanana ndi AVN pa chithunzi. Ngati mumatentha thupi usiku, kutuluka thukuta kapena kuonda, nenani.

Zoopsa zilipo, ndipo muyenera kuzidziwa musanasaine pepala. Chachikulu ndi tizilombo kulowa mpaka pa chitsulo, zomwe m'zipatala zosamala zimachitikira munthu mmodzi kapena awiri pa 100. Zikatero pamafunika kutsuka bala ku theatre, mankhwala a masabata ambiri, nthawi zina kuchotsa chitsulo n'kudzaika china. China ndi kuguluka kwa mutu m'kachikho, makamaka miyezi itatu yoyamba minofu isanagwirane. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mwendo n'kuthamangira ku mapapo, n'chifukwa chake timapereka mankhwala oletsa kuundana ndi kukudzutsani kuti muyende tsiku lotsatira ngakhale mukudandaula. Mwendo utha kutalika kapena kufupika pang'ono, ndipo mwa apo ndi apo mtsempha waukulu wa kuseri kwa ntchafu umakokeka, phazi n'kufooka.

Chomwe timapepala ta malangizo tochokera kunja sitinena ndi za pakhomo pathu. Timalembedwa poganizira munthu wokhala pa mpando, wogona pa bedi lalitali, wa chimbudzi chokhalira. Ife timanjuta ku chimbudzi, timakhala pa mphasa pa maliro ndi pa chinkhoswe, timawerama pophika, pochapa ndi posesa. Kunjuta ndi kukhala pansi ndi zomwe zimagulula chitsulo masabata oyambirira. Ndiye musanapite kuchipatala pezani kalipentala akupangireni mpando wobooka pakati woika pa chimbudzi, wautali woti mukakhala mawondo asapitirire chiuno. Bedi likwezedwe ndi njerwa ngati ndi lalifupi. Mbaula ikhale pamalo okwera. Kwa masabata 6 mpaka 12 musapingase miyendo, musatole chinthu pansi mowerama, ndipo pogona chammbali ikani pilo pakati pa miyendo. Pa maliro pemphani mpando. Ndikudziwa kuti kwa mayi n'kovuta kukhala pa mpando anzake ali pansi, koma afotokozereni, anthu amamva. Pambuyo pake ambiri amatha kukhala pansi mosamala, malinga ndi mbali yomwe dokotala analowera ndi mtundu wa chitsulo, ndiye zimenezo mufunse iyeyo. Mafizo musawanyozere, minofu ya m'thako yomwe yafota zaka ziwirizi ndi yomwe idzathetse kutsimphina, chitsulo pachokha sichingathe. Aphunzitsi ambiri amabwerera m'kalasi pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Kuyenda, kupalasa njinga, kasamalidwe ka dimba, kukhala malo amodzi m'banja, ngakhale kutenga pakati ndi kubereka, zonse zimatheka. Zosenza matumba a chimanga ndi zodumphadumpha pa netiboli ndiye muwasiyire ena.

Mwandifunsa ngati muvomere. Mawu omaliza ndi a inu ndi dokotala yemwe wakugwirani mwendo n'kuona chithunzi. Koma pa zomwe mwalemba, mutu wagumuka, ululu watha zaka ziwiri, ntchito ikukanika, atakhala mchemwali wanga ndikanamuuza kuti avomere. Miyendo mukuifuna kwambiri zaka zino, pamene mukugwira ntchito, ndipo kusunga opaleshoni kuti mudzachite muli ndi zaka 60 n'kutha zaka 20 mukutsimphina. Njira yake imayambira kwa clinical officer wa mafupa pa chipatala cha boma lanu, yemwe angakutumizeni kwa madokotala akuluakulu a mafupa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central. Opaleshoniyi imafuna ndalama kapena kudikira pa mndandanda, choncho yambani msanga kufunsa. Funsaninso dokotalayo kuti amachita maopaleshoni otere angati pa chaka, si mwano. Ndipo tengani m'bale yemwe akukana kwambiri apite nanu, afunse yekha, agwire chitsulo chachitsanzo ndi manja ake. Ndaona kambiri kuti amalume kapena apongozi omwe anali patsogolo kukana ndi omwe amadzadwazika wodwala bwino akamvetsa.

Pali zizindikiro zosadikira tsiku la kiliniki. Panopa, ululu ukakula mwadzidzidzi mwendo n'kukanika kuponda, kapena ukabwera ndi kutentha thupi, pitani tsiku lomwelo. Mukadzachitidwa opaleshoni, thamangani ngati bala likutuluka madzi kapena mafinya, lafiira ndi kutentha, ngati katumba watupa n'kumawawa, ngati mwayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa mwadzidzidzi, kapena ngati mwamva kuti m'chiuno mwaguluka, mwendo n'kufupika kapena kupotoka. Musayambe mwagula maantibayotiki ku golosale, chifukwa amabisa tizilombo tikafuna kutiyeza. Ngakhale patapita zaka mukuyenda bwinobwino, muzibwerabe kudzajambulitsa monga adzakuuzireni. Pulasitiki ikamadyeka fupa lozungulira limasungunuka mwakachetechete, ndipo tikaziona msanga pa X-ray nthawi zambiri timangosintha pulasitikiyo ndi mutu m'malo mochotsa zonse. Pa ulendo uliwonse woterowo muziwakumbutsa kuti ajambulenso chakumanja.